Funsani Azakhali: Dzina lili mu kompyuta yakukiliniki, ndiye khadi nditaye?

Moni nonse a ku Mbare, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, Epworth ndi kwina konse komwe Chichewa chikumveka muno mu Harare. Mwezi uno mauthenga ambiri omwe mwanditumizira ndi a nkhani imodzi, yoti kukiliniki masiku ano anesi agwira tabuleti m'malo mwa bolopeni ndipo enanu mitima ili m'mwamba. Ine zaka zambiri ndagwira ntchito m'chipinda cha mafayilo pa kiliniki ina ya khonsolo, marejisitala akuluakulu aja ndawanyamula, makhadi otayika ndawasaka mpaka dzuwa kulowa, nde nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Ndasankha makalata asanu.

Funso loyamba

Azakhali moni. Ine ndimakhala ku Mabvuku ndipo ndi ine ndimaperekeza mayi anga kukiliniki mwezi ndi mwezi, ali ndi BP komanso shuga. Ulendo wapitawu anesi anatifunsa chitupa, tsiku lobadwa, nambala ya foni, zonse akulemba pa tabuleti kenako akuti mayi alowa mu sisitimu basi. Nde kunyumba tili ndi mabuku akuchipatala anayi odzadza kale, ena anavumbwidwa ndi mvula, mchimwene wanga akuti tingowotcha poti zonse zili mu kompyuta komanso ati kulikonse tingapite mu Zimbabwe muno adzangodina dzina n'kuona matenda a mayi. Kodi ndi zoona zimenezi? Tiwotche?
Mwana wamkazi, Mabvuku

Mwana wanga, chonde machesiwo abweze kukhitchini, mabukuwo usawotche ngakhale limodzi. Ndikufotokozere bwinobwino chomwe anesi aja amalemba.

Sisitimu imeneyo dzina lake ndi Impilo, mawu a Chindebele otanthauza moyo kapena thanzi, ndipo ndi ya unduna wa zaumoyo ndi chisamaliro cha ana. Anayamba kuyiyesera mu 2016 m'boma la Uzumba Maramba Pfungwe ku Mashonaland East, kumudzi kwenikweni, kenako n'kumafalikira pang'onopang'ono m'zipatala za boma ndi za makhonsolo ndi thandizo la ndalama zochokera ku Global Fund komanso ku America. Cholinga chake nchabwino zedi, choti munthu akhale ndi fayilo imodzi yokha kuyambira kusikelo ya mimba mpaka kukalamba, momwe muli matenda omwe anamupeza nawo, mankhwala omwe anapatsidwa, zotsatira za magazi, zonse pamodzi. Impilo isanabwere kunali kasisitimu kena ka odwala olandira ma ARV okha kotchedwa ePMS, ndiye kwinako kunali mapepala okhaokha, buku la kusikelo palokha, la TB palokha, la olandira mankhwala palokha, munthu mmodzi yemweyo kulembedwa kasanu m'marejisitala asanu ndipo palibe lomwe likudziwa za linzake.

Nde zomwe akunena mchimwene wakoyo ndi komwe boma likufuna kukafika, koma sitinafikeko. Choyamba, si chipatala chilichonse chomwe chili ndi sisitimuyi, ndipo ngakhale komwe ilipo si chipinda chilichonse chomwe amayigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Madokotala oyima paokha a mu tauni ali ndi makompyuta awoawo. Chachiwiri, m'mene imagwirira ntchito, pa kiliniki pamakhala kompyuta yayikulu ija amati seva, matabuleti a anesi amalumikizana ndi imeneyo, ndiye sevayo ndi yomwe imatumiza zolembedwa kulikulu intaneti ikakhalapo. Intaneti ikavuta masiku angapo zomwe analemba ku Mabvuku zimakhala zili pompo pa Mabvuku. Ndiye tiyerekeze mayi akomoka usiku, mwathamangira nawo ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe komwe ambirife timangoti ku Gomo, dokotala wa usiku uja chomwe akufuna kudziwa msanga ndi choti amamwa mapiritsi anji, angati, shuga wawo amakhala pati masiku onse, ndipo buku lija lonyowa ndi mvula limuuza zimenezi pa mphindi imodzi.

Chachitatu ndi chomwe anthu ambiri sachiganizira. Kompyuta imayamba kukudziwa tsiku lomwe unalembetsa. Za m'mbuyo zonse, zoti zaka zakutizakuti mayi anamwa mankhwala ena ake n'kutupa nkhope, zoti anasinthidwa piritsi la BP chifukwa limawatsokomoletsa, palibe munthu anakhala pansi kuzikopera mu tabuleti, nthawi yake anesi alibe. Mbiri imeneyo ili m'mabuku anayi omwe mukufuna kuwotchawo basi. Ine ndaonapo agogo akupatsidwanso mankhwala omwe anawavulazapo kale chifukwa choti buku lakale linatsala kunyumba ndipo iwo anali atayiwala dzina lake, zinandiwawa kwambiri tsiku limenelo.

Chomwe ungachite ndi ichi. Mabukuwo uwayike mu pulasitiki yolimba, uwasunge pamodzi ndi zitupa. Masamba ofunika uwajambule ndi foni, makamaka pomwe pali mankhwala owenga ndi zotsatira za magazi, n'kutumizanso kwa mchimwene wakoyo kuti zikhale pa mafoni awiri. Ulendo wotsatira uwapemphe anesi mwaulemu kuti za mankhwala owengawo azilowetse mu sisitimu, ndipo ngakhale alembe pa tabuleti uwapemphe alembenso m'buku la mayi mlingo wa BP, wa shuga ndi mankhwala a tsikulo. Ambiri amalemba ndithu ukawapempha bwino. Ndipo uwafunse nambala yomwe mayi apatsidwa mu sisitimu, uyilembe pachikuto cha buku ndi bolopeni yakuda.

Funso lachiwiri

Azakhali, ine ndi bambo wa zaka za m'ma 50, ndinabadwira pa famu cha ku Mazowe, makolo anga anachokera ku Dedza ndipo onse anatisiya. Chitupa ndilibe, setifiketi yakubadwa ndilibe, ndimangoyenda chonchi. Pano ndili ku Epworth. Nditapita kukiliniki ndi chifuwa anandilemba dzina molakwika, ine ndi Mwale iwo analemba Mware, nditabwereranso akuti dzina lanu silikupezeka nde anandilembanso kachiwiri ngati munthu watsopano. Ndikuopa kuti m'mene zikupita zinthuzi ife opanda zitupa adzayamba kutibweza pakhomo poti kompyuta sikutidziwa. Ndichite bwanji?
Bambo wodandaula, Epworth

Achimwene, kalata yanu ndayiwerenga kawiri chifukwa nkhani yanuyi ndi ya mabanja athu ambiri muno. Agogo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, ku njanji ndi m'makhitchini nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ena kale chisanayambe n'komwe, ana n'kubadwira m'makomboni popanda wowalembetsa, ndipo omwe anapeza zitupa ambiri anawadinda chilembo A chija chosonyeza kuti ndi mlendo ngakhale mchombo wawo unagwera konkuno.

Ndiyambe ndi mantha anuwo. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 pa gawo 76 amanena kuti munthu wina aliyense asakanizidwe thandizo la mwadzidzidzi pa chipatala chilichonse, sanati wokhala ndi chitupa yekha ayi. Ndipo inu mwaona nokha kuti anakulembani kawiri konse popanda chitupa, kusonyeza kuti sisitimu imalola. Vuto lenileni ndi lina lija, loti pano mu kompyuta muli anthu awiri, a Mware ndi a Mwale, ndipo onsewo ndi inu. Zotsatira za makhololo anu zikhoza kugwera kwa a Mware pomwe anesi akuyang'ana kwa a Mwale n'kumati sizinabwere. Pa nkhani ya chifuwa zimenezi nzoopsa, chifukwa ngati ndi TB tsiku lililonse lochedwa kuyamba mankhwala mukuvutika inu komanso mukupatsira a m'nyumba.

Zoterezi zimatichitikira kwambiri ife chifukwa mu Chishona chomwe ambiri amalemba mulibe l, ndiye khutu la kalaliki limamva r. Mwale amakhala Mware, Kalonga amakhala Karonga, Phiri amalembedwa Piri kapena Firi, Nkhoma amataya h, ndipo kalaliki sakuchita mwadala, akulemba chomwe wamva ali pa changu mzere uli mpaka panja. Kale pa pepala munthu amatha kuyang'ana n'kuzindikira kuti aaa uyu ndi yemwe uja, koma kompyuta ukaphonya chilembo chimodzi nthawi zambiri imangoti palibe. Onjezani apo zoti ambiri mwa akuluakulu athu tsiku lobadwa sadziwa, lero anena chaka china mawa china, basi munthu mmodzi kusanduka atatu.

Ndiye chitani izi. Pezani kapepala kolimba, mwana kapena mdzukulu akulembereni ndi zilembo zikuluzikulu dzina lanu, la bambo anu, tsiku lobadwa limodzi lomwe muzilinena nthawi zonse, komwe mukukhala ndi nambala ya foni. Pofika pawindo musatchule pakamwa, apatseni kapepalako akopere. Kenako pemphani kuonana ndi sisita wamkulu wa pa kilinikiyo mumuuze kuti munalembedwa kawiri, mumuonetse makhadi onse awiri, kuti adziwe fayilo yoti azigwiritsa ntchito komanso ayang'ane ngati zotsatira zanu sizinagwere ku dzina lolakwikalo. Musachite manyazi, ndi dzina la makolo anu limenelo.

Koma za chitupa musazisiye, achimwene. Gawo 43 la malamulo omwewo limanena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanakhazikitsidwe, yemwe kholo lake limodzi kapena onse anali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye amakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika ya Zimbabwe mwakubadwa. Malawi ali mu SADC, Zambia ndi Mozambique chimodzimodzi. Ndiye pa malamulo inu ndinu mwana wa dziko lino, chatsala ndi umboni. Njira yake ndi yotopetsa, sindikunamizani, amafuna mboni zomwe zimadziwa za kubadwa kwanu, kalata ya kusukulu ngati munaphunzirapo, ya kutchalitchi kapena kumzikiti, setifiketi ya imfa ya makolo ngati ilipo, chilichonse chosonyeza kuti munabadwira kuno. Pitani ku ofesi ya kaundula, ku Makombe kuja kapena ya m'dera lanu, akuuzeni zomwe akufuna pa nkhani yanu yeniyeniyo, ndipo mukamva kuti akulembetsa m'madera ngati m'mene anachitira mu 2022 dzukani m'bandakucha. Mboni zanu ndi anthu okalamba, pitani nawo akadali ndi mphamvu.

Ndipo kwa inu atsikana omwe mukubereka pano, chonde kapepala kaja amakupatsani kumatenite kosonyeza kuti mwana wabadwa musakayike pansi pa matiresi n'kuyiwala. Lamulo limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42. M'tsogolomu mwina fayilo yakuchipatala ndi nambala ya chitupa zizidzayendera limodzi, nde tisawasiyire ana athu mavuto omwe akukumana nawo bambo awawa.

Funso lachitatu

Azakhali ine ndi mtsikana wa zaka 24, ndimamwa ma ARV koma kwathu palibe akudziwa kupatula mayi anga aang'ono. Ndimakatenga mankhwala kutali dala kuti asandione anthu a m'dera lathu. Nde ndamva zoti pano zonse zikulowa mu kompyuta imodzi, ndipo mkazi wa a landilodi athu amagwira ntchito pa kiliniki ina, kodi sangangolemba dzina langa n'kuona zonse? Ndayamba kuganiza zongosiya kupitako kapena kukalembetsa kwina ndi dzina labodza, sindikugona azakhali.
Mtsikana, Harare

Mwana wanga, ndisanayankhe china chilichonse, mankhwala usasiye. Ngakhale sabata imodzi usasiye. Ukasiya tizilombo timachulukanso m'magazi ndipo tikhoza kuyamba kupima mankhwala omwe pano akukugwira bwino. Mu Zimbabwe muno anthu pafupifupi 1.3 miliyoni ali ndi HIV ndipo ochuluka zedi mwa iwo ali pa mankhwala, akugwira ntchito, akukwatiwa, akubereka ana opanda kachilombo, iwe uli m'gulu lalikulu la anthu omwe akudzisamalira.

Mantha akowo ndi omveka ndipo sindingawapeputse. Koma ndikuuze zomwe ndinaona ndi maso anga nthawi ya mapepala. Mabuku obiriwira aja a olandira mankhwala amakhala pa shelefu, rejisitala imakhala chitsegulire pa tebulo, wosesa akudutsa, wobweretsa tiyi akudutsa, wodwala mnzako wakhala pampando maso ali pa tsamba lomwe pali mayina makumi awiri, ndipo munthu akawerenga palibe chizindikiro chotsala. Mu sisitimu wantchito aliyense amayenera kulowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, ndipo zomwe amaloledwa kuona zimatengera ntchito yake. Pamenepa ine ndimaona kuti kompyuta imateteza kuposa shelefu. Pomwe pamabowoka ndi pa anthu, pomwe antchito akubwerekana pasiwedi, kapena kusiya tabuleti ili chiyakire n'kupita kukadya, kapena kujambula zotsatira za munthu n'kutumizirana pa WhatsApp. Zimenezo ndi zomwe akuluakulu a zipatala akuyenera kulimbana nazo mwamphamvu, chifukwa anthu akasiya kukhulupirira kuti chinsinsi chawo chisungidwa amathawa chipatala ngati m'mene iwe ukuganiziramu.

Malamulo ali kumbali yako. Gawo 57 la malamulo aakulu limanena mosabisa kuti munthu ali ndi ufulu woti matenda ake asaululidwe. Palinso lamulo la 2021 la Cyber and Data Protection Act lomwe limayika nkhani za umoyo m'gulu la zinthu zofunika kusungidwa mosamala kwambiri, ndipo bungwe la POTRAZ ndi lomwe linapatsidwa udindo woyang'anira zimenezi komanso kulandira madandaulo. Nesi kapena kalaliki woulula matenda a munthu akhoza kutaya ntchito, ndipo nesi ali ndi khonsolo yake ya anamwino yomwe ingamulande chiphaso. Ndiye mayi amene ukuwaopawo, ngati atayerekeza kutsegula fayilo yako popanda chifukwa cha ntchito, ndi iwo omwe ali pa mlandu.

Za dzina labodza iwala. Ukatero ukhala ndi mafayilo awiri, kwinaku uoneka ngati wathawa mankhwala nde ayamba kukuyimbira foni kapena kutumiza wazaumoyo wa m'dera kudzakusaka pakhomo, chomwe ukuchiopa chija n'kubwera chokha. Kwinako akuyamba ngati watsopano osadziwa mbiri ya viral load yako, kutanthauza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi mwako. Chanzeru ndi kukhala pansi ndi nesi kapena mlangizi yemwe umamasuka naye, umuuze nkhawa yako m'mene wandiuzira inemu, umupemphe alembe kuti sukufuna kuyenderedwa kunyumba, nambala yoyimbira ikhale yako kapena ya mayi ako aang'onowo. Ufunsenso ngati ungamalandire mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi, omwe magazi awo ali bwino amawalola mankhwala akakhalapo okwanira, ndiye maulendo ako achepa.

Funso lachinayi

Azakhali ndine mayi wa geni, ndimayenda Harare ndi Blantyre. Ulendo uno ndikakhalitsa mwina miyezi inayi chifukwa apongozi akudwala ku Thyolo. Ndili pa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Poti kunonso ndi makompyuta kumudzinso ndamva ndi makompyuta, kodi ndikangofika ku Queens n'kutchula dzina andipeza?
Mayi wa geni, Mbare

Mayi, sakupezani ayi. Awa ndi maboma awiri ndipo masisitimu awo ndi osiyana, fayilo yanu siwoloka Nyamapanda, siwoloka mlatho wa Tete, sifika pa Mwanza. Chomwe chimawoloka ndi chomwe mwanyamula m'chikwama.

Kumudzi ku Malawi nkhaniyi anayiyamba kale kuposa kuno. Mu 2001 a bungwe la Baobab Health anayika makompyuta odina ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kenako zinafalikira makamaka m'makiliniki a ma ARV. Amene munapitako mukukumbukira kabuku kaja amati health passport, pachikuto amamata kapepala ka timizere tomwe makina amawerenga. Ine njira imeneyi ndimayikonda chifukwa buku limakhalabe m'manja mwa mwini wake pomwe kompyuta ikusunganso mbali yake. Mu 2017 boma la Malawi linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire zitupa za unzika, ndipo mu 2024 linakhazikitsanso lamulo lake loteteza zinsinsi za anthu. Ndiye mbali zonse ziwiri zikuyenda njira yofanana koma aliyense kwake.

Musananyamuke pitani kukiliniki yanu masabata awiri nthawi isanakwane, osati dzulo la ulendo. Auzeni kuti mukuchoka miyezi ingati, pemphani mankhwala okwanira ngati alipo, ndipo pemphani kalata ya transifa kapena kalata yosonyeza kuti ndinu wodwala wawo, yolembedwa mayina enieni a mankhwala ndi mlingo wake, tsiku lomwe munayamba ndi zotsatira zomaliza za magazi, yodindidwa. Mayina enieni ndi ofunika chifukwa katchulidwe kamasiyana, mwachitsanzo ma ARV omwe kuno timati TLD kumudzi amawatchula 13A, koma m'kati ndi omwewo, tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Mukangoti kapiritsi koyera ka m'botolo la buluu mumuzunguza mutu wazachipatala. Mapiritsi akhale m'mabotolo ake enieni ndipo akhale m'kachikwama ka pamiyendo, osati m'katundu wa pansi pa basi.

Poti mukakhala ku Thyolo, yambani chipatala cha pafupi ndi kwa apongoziwo, mukagule health passport ngati mulibe, ku Queens nkwa otumizidwa. Komanso kumudzi kuli nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, yomwe munthu amayimba n'kulankhula ndi wazaumoyo m'Chichewa, inayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pano ili m'manja mwa boma, ikuthandizaninso pa nkhani ya apongoziwo. Pobwerera musayiwale kuwapempha akulembereni zomwe anakupatsani kumeneko kuti kuno adzazilowetse, apo ayi fayilo yanu ya kuno idzaonetsa ngati munasiya mankhwala miyezi inayi.

Funso lachisanu

Mayi, ine funso langa ndi lalifupi. Tapita kukiliniki m'mawa, tayima maola atatu ati netiweki yavuta, magetsi kulibe, titalowa akuti mankhwala kulibe kagule ku famase. Nde makompyutawa ndi a chani? Ndalama zimenezo osagulira mankhwala bwanji?
Agogo aamuna, Highfield

Agogo, mkwiyo wanu ndaumva ndipo mbali yayikulu ndili nanu. Munthu wodwala kuyima maola atatu chifukwa cha netiweki nkulakwa, kiliniki iliyonse ikuyenera kukhala ndi dongosolo loti makina akangovuta atenge bolopeni n'kupitiriza kuona anthu, zolowetsa mu kompyuta adzalowetsa pambuyo. Magetsi ndi vuto lomwe tonse tikulidziwa, madzi akatsika ku Kariba tauni yonse imakhala mu mdima, n'chifukwa chake a UNDP ndi unduna anayika ma sola m'zipatala zoposa 1,000, koma sola imafuna mabatire ndipo mabatire amatha, akatha pamafunika ndalama yogulira ena. Chinanso chomwe chimachedwetsa mzere ndi choti m'malo ambiri nesi mmodzi yemweyo akulemba pawiri, mu rejisitala ndi mu tabuleti, anzake atapita kukagwira ntchito kunja. Ndipo ndalama zambiri zoyendetsera masisitimu amenewa zakhala zikuchokera kwa opereka thandizo akunja, nde boma la America litayimitsa thandizo lake lambiri kumayambiriro kwa 2025 aliyense anaona kuti chinthu chofunika chonchi chikuyenera kukhala ndi gawo lake mu bajeti ya dziko.

Koma pa zoti makompyuta ndi opanda ntchito, apo ndisiyana nanu agogo. Mankhwala amachokera ku NatPharm, kampani ya boma yogawa mankhwala m'zipatala, potengera manambala omwe kiliniki yatumiza. Nthawi yathu manambalawo timawawerenga ndi manja kumapeto kwa mwezi, tsamba ndi tsamba, kudzadza fomu ya T5, kuyitumiza ku ofesi ya boma komwe amakayilowetsa mu DHIS2, pulogalamu yomwe inapangidwa ku yunivesite ya Oslo ndipo Malawi nayenso amagwiritsa ntchito. Pofika pomwe akuluakulu akuona kuti odwala BP achuluka pa kiliniki yakuti, milungu yadutsa ndipo shelefu inauma kale. Fayilo ikamalembedwa pompopompo manambalawo amatuluka okha ndipo amene akubisa kapena kuba mankhwala amavutika kuti abise. Kompyuta siyigula mankhwala, zimenezo ndi zoona, ndalama ikasowa shelefu ikhalabe youma, koma imaonetsa poyera pomwe pakusowa ndi tsiku lomwe zinayamba kusowa.

Inu a ku Highfield mukukumbukira kolera ya 2008 mpaka 2009, anthu oposa 98,000 anadwala ndipo oposa 4,000 anamwalira, Budiriro pafupi nanu pomwepo maliro anali tsiku ndi tsiku. Inabweranso mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro komweko. Matenda ngati amenewo chomwe chimapulumutsa anthu ndi kudziwa lero, osati kumapeto kwa mwezi, kuti otsegula m'mimba khumi abwera kuchokera mu msewu umodzi ndipo onse amatunga pa mjigo umodzi.

Tsiku lina zikadzachitikanso zoyima maola atatu, funsani kuti sisita wamkulu ali kuti, ndipo dandaulo lanu mukalipereke ku komiti ya zaumoyo ya pa kilinikiyo kapena kwa khansala wa wodi yanu, mutchule tsiku ndi nthawi yomwe munafika ndi yomwe munathandizidwa. Akakulemberani mankhwala okagula ku famase apempheni alembenso m'khadi lanu kuti anasowa, ndipo risiti ya ku famaseyo muyimate pa tsamba lomwelo.